Madzi a padenga asamangothamangira kwa aneba: kaikidwe ka madilamu a mvula

Mvula ikayamba kugwa ku Ndirande, Bangwe, Mtandire kaya ku Chinsapo, tadzaimani pakhonde muone komwe madzi odzadza m'njira aja akuchokera. Timakonda kuloza kuphiri kapena kunena kuti ngalande zatsekeka, zoona zimatsekekadi, koma madzi ambiri ndithu amachokera pa madenga athu omwewa. Nyumba zathithikana, zonse za malata, pabwalo tinasesa mpaka panauma gwa kapena tinathira simenti, ndiye madziwo alowa pati? Amatsika pa denga langa kukamenya khoma la aneba, akumana ndi a pa denga lawo, apeza kanjira ka pakati pa nyumba, chaka ndi chaka kanjira kaja kasanduka chigwembe choti ngakhale kabaza sangadutse. Ndipo sayenda okha madziwa, amakokolola chilichonse, majumbo, mapampasi, oilo wa pa garaja, zotuluka m'zimbudzi zosefukira, kukathira mu Nasolo ndi Mudi ku Blantyre, kapena mu Lingadzi ndi mu mtsinje wa Lilongwe. Kumunsi kwake kuli amayi akuchapa, ana akusambira, ena akuthirira masamba omwe mawa tikagula pa msika, ndipo ena mwa madziwo amalowa m'zitsime zathu zosavindikira zija. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachita kuchedwa kutsegulira chifukwa cha iyo, ndiye nkhani ya madzi oyenda ndi nyansi si yongocheza ayi.

Ndinene poyambirira pomwe kuti tisanamizane: dilamu limodzi silithetsa kusefukira kwa madzi. Limadzadza mvula isanafike ndi pakati pomwe. Ndipo zomwe zinachitika ku Chilobwe ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche, palibe dilamu likanaletsa. Ine ndikunena za mvula ya masiku onse ija, ya ola limodzi, yomwe imakumba njira, kugwetsa zimbudzi ndi kudetsa mitsinje. Imeneyo tingaichepetse mphamvu, bola zinthu zitatu zikhalepo, dilamu lizikhala lopanda kanthu mvula ikamabwera, madzi otsala akhale ndi kolowera, komanso muchite nyumba zambiri osati inu nokha.

Yambani ndi masamu a denga lanu

Musanagule chilichonse yezani denga. Lamulo lake ndi losavuta, mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Nyumba ya mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi ndi masikweya mita 48, muyeze pansi mozungulira nyumba kuphatikiza pomwe malata atulukira, osakwera padenga. Mvula ya mamilimita 10, yomwe si mvula yoopsa nkomwe, ikupatsani malita 480, tichotsepo ena odontha ndi othawa m'mbali titi 400. Amenewo ndi madilamu awiri a malita 200 odzadza. Ngati denga lanu ndi logwera mbali ziwiri, mbali imodzi yokha idzadza dilamu limodzi pa mvula imeneyo.

Pa chaka nde ndi zambiri. Ku Lilongwe mvula imafika cha m'mamilimita 800 kapena kupitirirapo, ku Blantyre imadutsa 1,000. Pa denga lomwelija, tikatenga ya ku Lilongwe, ndi malita opitirira 30,000, zigubu za malita 20 zokwana 1,500. Tangoganizani zigubu zonsezo kuti mukagule pa kiyosiki, pomwe madzi omwewo mukuwasiya akukumba maziko a nyumba yanu.

Masamu amenewa akuuzeni kuti dilamu limodzi ndi poyambira chabe. Ngati thumba likulola gulani awiri kapena atatu, ngati ndinu bwana gulani thanki ya malita 1,000 kapena kuposa, kaikidwe kake ndi komweka.

Kusankha dilamu

Apa pokha musachite changu. Madilamu ogulitsa pa msika ambiri ndi oti munali kale zinthu, ndipo wogulitsa aliyense amati munali mafuta ophikira. Nunkhizani nokha, werengani zolemba zakunja ngati zikuoneka. Lomwe munali mankhwala a mbewu, mankhwala a m'fakitale, dizilo, oilo kapena penti lisiyeni, ngakhale atatsitsa mtengo bwanji, pulasitiki imamwa mankhwala ndipo kutsuka ndi sopo sikuchotsa zonse. Abwino ndi a pulasitiki a buluu aja omwe munali zakudya monga juwisi kapena mafuta ophikira enieni. A chitsulo amagwiranso ntchito koma amachita dzimbiri, madzi ake amafiira, ndi oyenera kuthirira ndi kukolopa basi. Oyera oonekera mkati amalowetsa dzuwa ndiye mumamera ndere msanga, ngati muli nalo kale lotero lipakeni penti yakuda kunja kapena likuteni ndi chiguduli chochindikala.

Likhale ndi chivindikiro chotseka bwino. Ichi si cha ukhondo wokha, mwana wamng'ono akasuzumira mu dilamu lotsegula n'kugwera chamutu sangadzitulutse, ndipo sizitenga nthawi.

Mukafika nalo kunyumba litsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, mutsukuluze kawiri katatu, kenako tsukuluzani ndi madzi a klorini.

Denga ndi magata

Denga la malata ndiye labwino. La udzu madzi ake amatuluka ofiira ngati tiyi (chabwino, ndi othirira mbewu basi). Koma kwerani kaye pa makwerero muone zomwe zili padenga lanu. Ife timaika zambiri pamenepo, matayala akale ndi miyala yopsinjira malata, nkhuni, nsapato zakutha, ena amayanika mphale, amphaka amagonapo, mbalame ndi abuluzi amachitirapo chimbudzi. Chotsani zonse zomwe zingachoke, matayala makamaka chifukwa amasunga madzi oswera udzudzu. Nthambi za mango kapena mapeyala zogwera padenga zisadzeni.

Magata mutha kugula a pulasitiki ku hadiweya, kapena pitani kwa okhoma zidebe akupindireni a lata, ena amang'amba paipi ya PVC ya mamilimita 110 pakati mulitali n'kupeza magata awiri. Chovuta si kugula, ndi kukhoma. Gata lizipendekera komwe kuli dilamu, pang'ono chabe, sentimita imodzi pa mita iliyonse yakwana. Mangani chingwe kuchokera uko mpaka uko muzitsatira chimenecho, ndipo zogwirira zikhale pafupipafupi, zosatalikirana kupitirira mita, apo ayi gata lidzapinda mimba pakati, madzi n'kumakhala pamenepo. Mlomo wa lata ugwere mkati mwa gata, osati m'mphepete, chifukwa mvula ikakula madzi amachita kudumpha. Nyumba zambiri za m'malokeshoni zilibe thabwa la kutsogolo lokhomerapo, zikatero mangirirani ndi waya wolimba ku mitengo ya denga. Mukamaliza thirani ndowa imodzi padenga muone ngati onse akutsetserekera kolondola.

Pomwe gata likuthirira mu paipi yotsika ikani kasefa ka waya kogwira masamba.

Pokhazika dilamu

Dilamu la malita 200 likadzadza limalemera makilogalamu 200 ndi kanthu. Musaliike pa mpando, pa tebulo kapena pa njerwa ziwiri zongosanjikiza. Salazani pansi, tsenderani, mange kachiunda ka njerwa zootcha ndi simenti, kotambalala kuposa dilamulo, kutalika kwake cha m'masentimita 45 mpaka 50 kuti ndowa izilowa pansi pa mpopi. Pamwamba pakhale lefulo, dilamu lopendekera tsiku lina lidzagwa, ndipo ana amakonda kusewera pomwepo. Ngati kuli kotheka sankhani mbali ya mthunzi, komanso kutali ndi chimbudzi ndi dzala.

Mpopi ubooleni masentimita 8 kapena 10 kuchokera pansi pa dilamu, osati pansi penipeni, kuti matope azikhala m'munsi osatuluka ndi madzi. Gulani mpopi wa hafu inchi ndi zomangira zake za thanki, zija zokhala ndi mawasha a labala mkati ndi kunja. Bowo likhale lothina, mukaboola lalikulu mudzalimbana ndi kudontha mpaka kalekale. Ngati mulibe chobowolera, kapaipi kachitsulo kotenthetsa pa mbaula kamaboola pulasitiki bwinobwino, koma chitirani panja, utsi wake si wabwino. Kulungani ulusi wa mapaipi woyera uja pa mazinga, mangani, pakani silikoni mozungulira. Mpopi ndi wofunika, musati tizingotunga ndi kapu pamwamba, kapu ndi manja ndi zomwe zimalowetsa matenda m'madzi abwinobwino.

Pa chivindikiro boolani polowera paipi, muphimbe ndi neti yothina yoti udzudzu sungadutse. Gozi wa pa windo amachita bwino. Mangani ndi mphira kuti pasakhale mpata.

Madzi oyamba atayeni

Gawo ili ndi lomwe anthu ambiri amadumpha, chonsecho ndi lomwe limasiyanitsa madzi abwino ndi oipa. Denga likakhala masiku osagwa mvula limadzadza fumbi, zitosi, mwaye wa mbaula ndi utsi wa zinyalala zomwe timaotcha, ndiye madzi oyambirira amatsuka zonsezo. Chizimalupsa cha mu Okutobala chija musatape n'komwe, chisiyeni chitsuke denga chonse. Ndipo mvula iliyonse ikamayamba, malita oyamba asalowe mu dilamu. Muyeso wosavuta kukumbukira ndi hafu lita mpaka lita imodzi pa sikweya mita iliyonse, ndiye mbali ya denga ya masikweya mita 24 mutaye malita 12 mpaka 24, titi ndowa imodzi yaikulu.

Njira yaulere ndi yamanja, paipi yotsika ikhale yosunthika, mvula ikayamba muilozetse pambali kwa mphindi zisanu kapena khumi, madzi akayera mubwezere mu dilamu. Vuto lake mvula ya usiku, ndani adzuke 2 koloko kukasuntha paipi? Nanga masana nonse muli ku ntchito ndi ku geni?

Ndiye pangani kodzichitira kokha. Pa paipi yotsika ikani cholumikizira cha T. Mbali yoloza pansi mulumikize paipi ya mamilimita 110 yoima chilili, yotseka kunsi ndi chotsekera cha mazinga. Paipi imeneyi imasunga pafupifupi malita 9 pa mita iliyonse, ndiye ya mamita awiri yakwana pa denga laling'ono. Mbali yopingasa ya T ndi yomwe ipite ku dilamu. Madzi oyamba akuda aja amagwera kaye mu paipi yoimayo, ikadzadza m'pamene oyera amayamba kudutsa kupita ku dilamu. Mkati mwake ponyanimo kabotolo ka pulasitiki kopanda kanthu kotseka bwino, kapena kampira, kamayandama n'kukatseka kukamwa kumwamba kuti zakuda zisabwerere, bola pakamwapo pakhale pochepera kuposa kabotoloko. Pa chotsekera cha kunsi boolani kabowo kang'ono ndi msomali kuti madzi azidontha okha mvula ikatha, mawa paipi ipezeke ili yopanda kanthu. Kabowoka kamatsekeka ndi matope, muzimasula chotsekeracho kamodzi pa sabata, mudzaona zomwe zimatulukamo, zakuda bii zonunkha, ndi pomwe mudzamvetse chifukwa chake tikuvutika ndi zonsezi.

Dilamu likadzadza, otsalawo apite kuti?

Apa m'pamene pagona nkhani ya dera lonse. Anthu ambiri amaika dilamu, likadzadza madzi amangosefukira pamwamba n'kugwera pa maziko a nyumba, malo amodzimodzi, zomwe ndi zoipa kuposa kale pomwe ankagwa mobalalika. Boolani bowo lina m'mbali chakumwamba kwa dilamu, muike paipi yotulutsa osefukira, kukula kwake kufanane ndi yolowetsa, ikachepa siikwanitsa. Kukamwa kwake mangani neti.

Ngati muli ndi dilamu lachiwiri paipi imeneyi ithire mmenemo, lachiwiri lithire mu lachitatu. Ena amalumikiza madilamu kunsi ndi kapaipi kuti onse azidzadza limodzi ndipo mpopi ukhale umodzi, ndi zabwino koma limodzi likadontha onse atha, ine ndimakonda kulumikiza kumwamba.

Lomaliza lithire mu dzenje lomwetsa madzi. Musanakumbe yesani dothi, kumbani kadzenje kakuya masentimita 30, dzadzani madzi, akaphwa dzadzaninso. Ngati pofika mawa nthawi yomweyo aphwa, dothi lanu limamwa. Ngati akadali pompo, muli pa dongo kapena madzi a pansi ali pafupi, dzenje silikuthandizani.

Dothi likalola, kumbani dzenje la mita imodzi mbali zonse ndi mita imodzi kuya, litalikire mamita atatu kapena kuposa kuchokera ku khoma la nyumba, yanu ndi ya aneba yomwe. Dzadzani miyala ikuluikulu pansi, zidutswa za njerwa zootcha, kwale wamng'ono pamwamba, kenako saka ndi mchenga kuti dothi lisatseke mipata. Dziwani kuti miyala imadya malo, dzenje lotere limasunga madzi mwina malita 300 kapena 400 nthawi imodzi, koma limapitiriza kumwetsa pansi mvula ili mkati. Lisayandikane ndi chimbudzi chokumba, mungachinyowetse n'kuchigwetsa, kapena madzi anu n'kukankhira za m'chimbudzi ku chitsime cha wina. Alangizi a zaumoyo amanena mamita 30 pakati pa chimbudzi ndi chitsime, m'malokeshoni mwathu ndi nyumba zochepa zomwe zimakwanitsa zimenezo, ndiye tisaonjezere vuto.

Amene ali ndi kamalo, m'malo mwa dzenje la miyala kumbani beseni losaya, lotambalala, muikemo manyowa ndi zinyalala zoola, m'mbali mubzale nthochi, nzimbe kapena mapapaya. Nthochi imamwa madzi kwambiri ndipo pamapeto mudya. Madzi asakhalitse m'besenimo kupitirira masiku awiri.

Koma inu okhala pa mtsetse weniweni, m'mbali mwa Soche, Ndirande kumtunda, Bangwe kuphiri, kapena pamwamba pa chiphompho choti pansi pake pali nyumba ya munthu, osakumba maenje omwetsa madzi. Dothi la pa mtsetse likakhuta madzi limatsetsereka. Inu dilamu ikani, koma osefukira muwatsogolere ndi kangalande kowaka miyala mpaka mu ngalande yaikulu, ndipo m'mbali mubzale vetiva. Chimodzimodzi a m'madambo, kumene ukakumba pang'ono madzi atuluka.

Ligwiritseni ntchito, lisamakhale lodzadza

Dilamu lodzadza kale lili ngati mlendo wokhuta, ngakhale mumuphere nkhuku sadya. Mvula ikalipeza lodzadza, madzi onse a padenga amangodutsa ngati palibe chomwe munaika. Ndiye m'dzinja musaumire madzi, chapirani, kolopani, thirani ku toileti, tsukirani mbale ndi njinga, sambani. Madzi a mvula sopo amachita thovu msanga kusiyana ndi a pa mjigo ena amchere aja, amayi ochapa amadziwa. Mukamva a zanyengo alengeza mvula yamphamvu, kapena mwangoona kumwamba kwada, tsegulani mpopi madzi apite ku dzenje kapena ku dimba pang'onopang'ono dothi likadali louma, dilamu lidikire mvula lili lopanda kanthu. Kusunga kuyambe cha mu Malichi mvula ikamapita kumapeto. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje muli ndi mwayi wa chiperoni, mu Juni ndi Julayi mumatapako pang'ono.

Kumwa bwanji?

Madzi a mvula kumwamba amachoka abwino, koma adutsa pa denga. Kuyera m'maso sikutanthauza kuti mulibe tizilombo. Ngati mukufuna kumwa kapena kupatsa ana, tungani pa mpopi muthire mu chigubu choyera, muwiritse mpaka abwate, kapena thirani WaterGuard kachivindikiro kamodzi pa malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30. Klorini yemwe amagawa alangizi a zaumoyo uja tsatirani muyeso womwe akuuzani iwowo, osathira mongoganiza. Musathire mankhwala mu dilamu lonse, mvula ya mawa idzasungunula, ndi kutaya ndalama. Ndipo ngati dilamu lanu simukudziwa bwino zomwe munali kale, kapena denga ndi lopaka penti yakale yosupuka, madziwo akhale ochapira ndi kuthirira basi, klorini imapha tizilombo koma siichotsa mankhwala.

Udzudzu

Dzira la udzudzu limafika pouluka pa sabata imodzi kapena masiku khumi kukatentha. Dilamu lotsegula ndi fakitale ya udzudzu pakhomo panu, aneba adzakudani ndipo adzakhala akulondola. Polowera neti, potulukira neti, chivindikiro chothina. Kamodzi pa sabata tsegulani muunike ndi tochi ya foni, mukaona timphutsi tovinavina khuthulani madzi onse pa dothi louma, kwechani mkati, fufuzani pomwe neti yabooka. Muonenso mu gata ngati mulibe madzi oima. Ndipo chonde neti yogonamo ija ya mankhwala si yophimbira dilamu, igoneni.

Tsopano kokani aneba

Nyumba imodzi ikachita zonsezi phindu ndi lake, maziko auma, bilu ya madzi yatsika. Koma njira ya pakati pa nyumba ija siisintha. Kuti isinthe pafunika mzere wonse wa nyumba zomwe madzi ake amatsikira njira imodzi. Tiyerekeze nyumba 50, iliyonse madilamu awiri, ndi malita 20,000 omwe sanalowe m'njira pa nthawi yomwe mvula yafika pachimake, osawerengera omwe amwera m'maenje. Ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe madzi amakhala ndi ukali wokumba ndi kusefukiritsa zimbudzi. Akachedwetsedwa ngakhale mphindi 20, ngalande imapeza mpata wopuma.

Poyambira ndi kuyenda. Mvula ikangokata, tengani anthu angapo ndi amfumu kapena a komiti ya chitukuko ya m'dera, mutsatire madzi kuchokera kumtunda mpaka kumtsinje, zizindikiro zimakhala zikuoneka, mchenga pomwe waunjikana, majumbo pomwe akodwa, khoma lomwe lanyowa. Jambulani pa pepala. Mupeza kuti madenga akuluakulu, a tchalitchi, mzikiti, sukulu, chigayo, holo ya vidiyo, amathira madzi ochuluka kuposa nyumba khumi, amenewo afunika thanki osati dilamu, kambiranani ndi eni ake. Sukulu ikakhala ndi thanki ana apezanso madzi osamba m'manja.

Yambani ndi nyumba za kumtunda. Apa pamavuta, chifukwa a kumtunda savutika ndi madzi, amene amalira ndi a kumunsi, ndiye mukapita kwa bambo a kumtunda ndi nkhani ya chigwembe adzangoti pepani. Apitireni ndi nkhani ya ndalama za pa kiyosiki ndi masiku omwe mipopi imauma, pamenepo amamva. Za mtengo wa madilamu, chipereganyu kapena banki m'khonde zimatha, mwezi uno nyumba ziwiri, mwezi wa mawa ziwiri zina, ndipo mukagula zipangizo pamodzi ndi kuitana pulambala mmodzi mtengo umatsika. Anyamata awiri atatu akaonerera nyumba zoyamba, zotsalazo akhoma okha, ena apezapo ganyu.

A lendi, kambani ndi alandilodi musanakhome kanthu pa nyumba yawo. Auzeni kuti gata likuteteza khoma lawo lomwe, ambiri salimbalimba, ena amalola kudula pa lendi. Mugwirizane poyera kuti dilamu ndi lanu mukamasamuka mudzanyamula, gata lidzatsala. Pa mdadada wa mabanja ambiri sankhani munthu mmodzi woyang'anira neti ndi kutsuka, ndipo mugwirizane katungidwe, apo ayi mudzayambana ndi madzi aulere omwe. Mpopi wokhoma ndi loko umathandiza, dilamunso limangeni ndi tcheni, amaba.

Ndipo madilamu asakhale chophimba m'maso pomwe tikupitiriza kutaya zinyalala mu ngalande n'kumati mvula idzatenga. Komweko amatengerako ndi ku mtsinje. Enanso amadikira mvula yamphamvu kuti atsegule chimbudzi chodzadza chipite ndi madzi, timawadziwa, ndipo pa msonkhano wa dera zimenezi zinenedwe mosapsatira, chifukwa madilamu 100 sangafafanize chimbudzi chimodzi chotsegulidwira m'njira. Gwirizanani tsiku logwapa ngalande mvula isanayambe, ndi linanso pakati pa dzinja. Zomwe mwavuulazo zichoke, mukaziunjika m'mbali zibwerera momwemo ndi mvula yotsatira.

Kusamala kwake

M'dzinja, sabata iliyonse chotsani masamba pa kasefa, masulani paipi ya madzi oyamba, onani neti. Kamodzi pa mwezi kwerani muone gata. Dzenje la miyala likayamba kuchedwa kumwa, vundukulani mchenga ndi saka la pamwamba muike zina, kawirikawiri chotseka chimakhala pamenepo.

Madzi akatha m'chilimwe tsitsani dilamu, khuthulani matope a pansi, kwechani ndi bulashi ndi madzi a klorini, liumitseni. Mutha kumasungiramo madzi a pa mpopi miyezi imeneyo, palibe choletsa, koma chotsani kaye paipi ya padenga kuti fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala lisamalowe. Kumayambiriro kwa Okutobala sesani denga, tsukani magata, mangitsani mawaya omwe amasuka ndi mphepo, sinthani mphira zomwe zaphikika ndi dzuwa. Paipi muibwezere pa dilamu mvula yoyamba ndi yachiwiri zitatsuka kale denga.